Tsiku Lotsekera Sukulu Lithe ndi Nyimbo

Inu atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera, ndiponso inu ogwira ntchito m'Boma, sabata ino ndabwera ndi nkhani imene ena mwa inu muiyesa yaing'ono. Ndifuna tikambirane za kuimba. Oimba a pa wailesi ndi makwaya a m'matchalitchi tiŵasiye kaye pambali, lero tinene za ana a sukulu, onse pamodzi, kuimba pa tsiku lotsekera chaka cha maphunziro. Ndikupemphani kuti mundimvere mpaka kumapeto, chifukwa pansi pa nkhani ya nyimboyi pagona nkhani ina yaikulu, ndiyo yakuti ndi ana angati amene adzabwerere m'kalasi tchuthi chikatha.

Tiyeni titsike mapiri a Dedza pa mseu wokhotakhota uja wotsikira ku Golomoti, tifike m'chigwa cha kunyanja, kwa Inkosi Kachindamoto, kumene kuli Mua ndi Mtakataka. M'dziko muno chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala ndipo chimatha mu Julayi. Pa nthaŵi imeneyi chimanga chimakhala chili m'nkhokwe, mpunga wa m'chigwa cha Bwanje wapunthidwa, milambe yayoyola masamba, ndipo mwera umaomba usana ndi usiku. Tsiku lotsekera sukulu likafika ana amalaŵirira m'mamaŵa atasamba bwino, ena atanyamula mbatata, nzimbe kapena timakobiri togulira zitumbuwa, pakuti kwa iwo ili ndi tsiku la chikondwerero.

Belu likalira onse amasonkhana pa bwalo. Mphunzitsi wamkulu amalankhula mau a malangizo, kenaka aphunzitsi amayamba kuŵerenga zotsatira za mayeso kalasi ndi kalasi. Woyamba amatchulidwa dzina, anzake naomba m'manja, amai ake naimba nthungululu. Wachiŵiri ndi wachitatu chimodzimodzi. Maina amatsika mpaka pamene pali mzere, ndipo mphunzitsi akafika pamenepo amapinda pepala lake nkunena kuti amene sadamve maina ao abwereza kalasi. Zikatero mwambo watha, ana amwazikana. Okhoza amathamangira kwao ndi chimwemwe, pamene olephera amazemba kudzera kuseri kwa makalasi, kulambalala njira yaikulu kuopa kukuwizidwa ndi anzao.

Tsono funso langa nali: kodi mwana wolepherayu, chinthu chomaliza chimene wamva pa sukulu chaka chimenecho nchiyani? Wamva kuti iye ndi wosafunika. Mau ameneŵa ndiwo amene apite nao ku tchuthi cha pafupifupi miyezi iŵiri, ndipo aziŵakumbukira tsiku lililonse. Tisaganize kuti ana otere ndi oŵerengeka. Malipoti a Unduna wa Maphunziro a zaka zapitazi amasonyeza kuti m'sukulu zathu za pulaimale mwana woposa mmodzi mwa asanu alionse amabwereza kalasi, ndiponso kuti amene amatsiriza Sitandade 8 ndi pafupifupi theka chabe la ana amene adayenera kutsiriza. Choncho pa bwalo la sukulu ya ana 1,000, amene amapita kwao ataŵeramitsa mitu pa tsiku lotsekera amaposa 200.

M'chigwa cha kunyanja muli zambiri zomuitana mwana wotere. Mnyamata akapita kugombe nkukathandiza kukoka makoka kapena kuyanika usipa, madzulo amabwera ndi ndalama m'thumba ndi ndiwo m'manja, ndipo palibe womufunsa nambala imene adapeza pa mayeso. Wina amapeza ganyu m'madimba, wina amakagulitsa malonda m'mbali mwa mseu wa M5 umene umadutsa m'derali kuchokera ku Salima. Kwa mtsikana ngozi ndi yoposa pamenepa, chifukwa pali anthu amene amamuuza kuti popeza sukulu yamukanika, kuli bwino angokwatiŵa. Lamulo la maphunziro la chaka cha 2013 lidanena kuti mwana aliyense ayenera kuphunzira sukulu ya pulaimale, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asaloŵe m'banja asanakwanitse zaka 18. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene adaloŵa ufumu mu 2003 natisiya mu 2025, adatchuka pa dziko lonse chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kubwezera anawo ku sukulu. Pofika mu 2016 nkuti atathetsa maukwati otere oposa 800. Imeneyi idali ntchito yaikulu, ndipo tonse tiyenera kuipitiriza. Komatu mfumu ikhoza kumtenga mwana nkukamfikitsa pa khomo la kalasi, lamulo likhoza kuopseza makolo ake, koma kuti mwanayo akhazikike, pafunika kuti mtima wake upeze chinthu chochikonda pa sukulupo.

Ndikunena zimene ndidaziona ndekha. Ine ndidalephera Sitandade 4 pa sukulu ina ya m'chigwa chomwechi. Tsiku limenelo, maina atatha kuŵerengedwa langa osamveka, ndidali nditatsimikiza kale mumtima kuti ndipita kunyanja kwa atsibweni anga amene adali ndi bwato, ndipo sukulu ndatsazikana nayo. Koma pa nthaŵi imeneyo sukulu siinkatsekedwa popanda nyimbo. Mphunzitsi wathu wina, bambo wachikulire amene ankayenda ndi kandodo koimbitsira, adaima pakati pa bwalo natiuza kuti tonse tiimirire. Adandikodola ine nandipatsa ng'oma, popeza ankadziŵa kuti manja anga adali opepuka. Tidaimba nyimbo zinai kapena zisanu, sukulu yonse pamodzi, ndipo ana mazana angapo ankaponda pansi potsata manja a ine wolephera. Titamaliza, mphunzitsi uja polandira ng'oma yake adati, "Iwe, sukulu ikatsekulidwa ubwere msanga, ng'oma iyi ndasungira iwe." Tchuthi chonse kunyanja ndidapita ndithu, koma tsiku lotsekulira ndidali woyamba kufika. Ndidabwerera ng'oma, ndipo ng'omayo idandisunga m'kalasi mpaka ndidakhoza mayeso ndi kupita ku sekondale. Mphunzitsi ameneyo adamwalira kalekale, koma ndikamalemba m'nyuzipepala muno ndimadziŵa amene adandigwira dzanja.

Kodi mphamvu ya kuimba pamodzi imachokera kuti? Choyamba nchakuti nyimbo ya gulu imasoŵa munthu aliyense. Nyimbo zathu zambiri zili ndi woyambitsa ndi ovomera. Woyambitsa angakhale ndi mau okoma chotani, ngati ovomera ali chete, nyimbo yagwa. Mayeso amasanja ana pa mzere, wina patsogolo wina pambuyo, ndipo nkoyenera kutero, pakuti dziko lifuna kudziŵa amene wamva maphunziro. Nyimbo imaŵaimika pa bwalo mozungulira, pamene palibe woyamba kapena womaliza. Mwana amene masamu amamuzunguza mutu akhoza kukhala mwini mau amene sukulu yonse imaŵadalira, ndipo mtsikana wamanyazi amene sakweza dzanja m'kalasi amatsekula pakamwa mosaopa chifukwa mau ake abisala mwa anzake. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Mwambi umenewu ana amaulemba pa mayeso a Chicheŵa, koma pamene amaumvetsa bwino ndi pamene akuimba.

Chachiŵiri, kuimba kumaphunzitsa mwambo popanda mkwapulo. Ife timalankhula kaŵirikaŵiri za umodzi, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo nthaŵi zina timaganiza kuti zimenezi zimaloŵa mwa mwana pomulalikira. Taonani zimene mwana amachita poimba ndi anzake. Amayang'ana dzanja la woimbitsa. Amadikira nthaŵi yake yoloŵera, osatsogola ndiponso osatsalira. Amatsitsa mau ake kuti asaphimbe a mnzake. Akalakwitsa amadzimva yekha nkudzikonza, wina asanamdzudzule. Amabwereza mzere umodzi kakhumi mpaka utakhala bwino, ndipo pamapeto pake amaona ndi maso ake kuti khama lija labala chinthu chokoma. Makhalidwe ameneŵa ndi omwewo amene tidzaŵafune kwa iye akadzakhala kalaliki mu ofesi, namwino m'chipatala kapena mlimi m'kalabu. M'mera mpoyamba.

Chachitatu, nyimbo ndi nkhokwe yosungiramo zimene pakamwa pataya. Chitsanzo chili pomwepa kwa Kachindamoto. Angoni a Maseko adafika kuno akulankhula chinenero chao, koma atakhala pakati pa Acheŵa ndi kukwatirana nao, chinenerocho chidazilala, mwakuti lero Angoni a ku Mtakataka amalankhula Chicheŵa pa khomo ndi pa msika. Koma pitani pamene akuvina ngoma, mukamva mau a Chingoni akutuluka m'kamwa mwa anthu amene sangathe kupempha madzi akumwa m'chinenerocho. Adasunga mauwo ndani? Nyimbo. Katswiri wina wa nyimbo za mu Africa, Hugh Tracey, adayenda m'dziko muno mu 1950 ndi mu 1958 akujambula nyimbo za m'midzi, ndipo zimene adajambulazo zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Timthokoze chifukwa cha ntchito imeneyo. Komabe nkosayenera kuti mdzukulu wa amene adaimba nyimbozo adzachite kukwera ndege kuti akamve mau a agogo ake. Malo oyenera kusungiramo nyimbo ya chimtali, ya chiterera, ya mganda, ya uyeni, ya manganje, ya pamtondo kapena ya asodzi popalasa bwato ndi m'kamwa mwa mwana.

Anthu a sayansi nao adaifufuza nkhani imeneyi. Mu 2013 akatswiri a pa yunivesite ya Gothenburg ku Sweden adapima kugunda kwa mitima ya achinyamata amene ankaimba pamodzi. Adapeza kuti mitima yao inkafulumira ndi kuchedwa pa nthaŵi imodzi, chifukwa chakuti oimba amakoka ndi kutulutsa mpweya limodzi potsata mizere ya nyimbo. Mu 2015 akatswiri ena a ku Oxford adatsatira anthu akuluakulu osadziŵana amene adaloŵa makalasi osiyanasiyana kwa miyezi 7, ena a kuimba, ena a ntchito zamanja, ena a kulemba. Pomatha miyeziyo magulu onse adali atazoloŵerana, koma oimba ndiwo amene adagwirizana msanga kuyambira mwezi woyamba. Zimenezi amai athu adazidziŵa kale osapita ku Oxford. Nchifukwa chake posinja amaimba, pa maliro timaimba usiku wonse, ndipo amuna pokoka khoka amaimba kuti mphamvu zao zigwe pamodzi.

Pa nkhani ya ng'oma ndi sukulu, Mua ali ndi mbiri imene tiyenera kuphunzirapo. Ansembe a White Fathers adakhazikitsa mishoni yao pa Mua, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe, mu 1902. M'zaka za m'ma 1920 padali mkangano waukulu pakati pa amishoni ndi eni ake a Gule Wamkulu, ndipo chimene ankalimbirana kwenikweni adali ana: uku akuti apite ku sukulu, uku akuti apite ku dambwe. Kwa zaka zambiri mwana ankauzidwa kuti asankhe chimodzi, buku kapena ng'oma ya makolo ake, ndipo ambiri adasankha ng'oma nataya sukulu. Zinthu zidasintha pang'onopang'ono. Msonkhano waukulu wa Mpingo wa Katolika umene udachitika ku Vatican kuyambira 1962 mpaka 1965 udatsekula khomo kuti zinenero ndi maimbidwe a eni dziko ziloŵe m'mapemphero. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, amene anthu adaŵapatsa mfunda wa Chisale, adayambitsa malo a zachikhalidwe ndi zaluso a Kungoni pa Mua pomwepo, ndipo lero nyumba ya Chamare ikusunga mbiri ndi miyambo ya Acheŵa, Angoni ndi Ayao. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Phunziro lake ndi lakuti sukulu imene inyoza nyimbo za m'mudzi imakhala mlendo m'mudzimo, ndipo ana amaithaŵa. Sindikunena kuti Gule abwere pa bwalo la sukulu ai. Gule ali ndi eni ake, nthaŵi yake ndi malamulo ake, ndipo tiŵalemekeze. Koma nyimbo za poyera zimene aliyense amaimba ndi zochuluka, ndipo zimenezo nzoyenera kumveka pa sukulu.

Pa Mua palinso sukulu ya ana osamva. Wina angafunse kuti kodi nkhani ya kuimba ikuŵakhudza bwanji iwoŵa. Ng'oma ikamalira, kugunda kwake kumayenda m'nthaka ndi m'chifuwa, ndipo mwana wosamva amakuzindikira m'thupi mwake. Amaona mapazi a anzake, amatsata dzanja la wotsogolera, ndipo mau a nyimbo akhoza kunenedwa ndi manja m'chinenero cha zizindikiro. Ngati mwana wosamva angathe kukhala ndi malo ake pa nyimbo ya gulu, ndiye kuti palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene mphunzitsi angamuuze kuti akhale pansi chifukwa alibe mau.

Maiko ena adaona kale phindu la zimenezi. Ku Ulaya kuli dziko laling'ono lotchedwa Estonia, la anthu osafika ngakhale 2 miliyoni. Kuyambira mu 1869, pamene adachita chikondwerero chao choyamba cha nyimbo mu mzinda wa Tartu, anthu a kumeneko akhala akusonkhana zikwizikwi kuimba pamodzi m'chinenero chao, ndipo ana a sukulu ali ndi chikondwerero chaochao. Pa zaka zonse zimene adali pansi pa ulamuliro wa Soviet Union, nyimbozo zidaŵakumbutsa kuti iwo ndi mtundu, ndipo pomenyera ufulu umene adaupeza mu 1991 chida chao chachikulu chidali kusonkhana ndi kuimba. Kuno ku Africa, dziko la Kenya lili ndi chikondwerero cha nyimbo chimene chidayamba mu 1927, m'mene sukulu zimapikisana chaka ndi chaka kuyambira kumadera mpaka pa dziko lonse. Mipikisano yotere ndi yabwino, ndipo nafenso timaidziŵa. Koma mpikisano umasankha ana makumi atatu kapena anai odziŵa kuimba, otsalawo nkukhala oonerera. Chimene ndikupempha ine ndi chosavuta kuposa pamenepo: sukulu yonse, pa bwalo lake, pa tsiku lake lomaliza.

Nanga mwambo umenewu udazilala bwanji m'sukulu zambiri? Zifukwa zilipo, ndipo aphunzitsi tisaŵaloze chala msanga. Mu 1994, maphunziro a pulaimale atakhala aulere, chiŵerengero cha ana chidakwera m'chaka chimodzi kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chimenechi chidali chinthu chabwino kwa ana a anthu osauka, koma makalasi adadzaza, aphunzitsi ambiri adalembedwa ntchito mofulumira asanaphunzitsidwe mokwanira, ndipo mpaka lero si zachilendo kupeza kalasi ya Sitandade 1 ya ana oposa 100. Kenaka silabasi imene idayamba mu 2007 idaphatikiza nyimbo, magule, zisudzo, zojambula, zosoka ndi maseŵera olimbitsa thupi kukhala phunziro limodzi lotchedwa Expressive Arts. Pa mayeso a Sitandade 8 phunziro limeneli limafunsidwa pa pepala. Zotsatira zake nzakuti mphunzitsi wofuna kuti ana ake akhoze amaŵalembetsa manotsi a mitundu ya ng'oma ndi maina a magule, ndipo mwana akhoza kupeza malikisi onse pa funso la nyimbo asanatsekulepo pakamwa chaka chonse. Kudziŵa dzina la mbalule ndi kwabwino, koma sikufanana ndi kuiimba.

Ndikudziŵa zimene ena anene. Akuti nthaŵi palibe, silabasi ndi yaitali. Koma mphunzitsi aliyense woona mtima avomereza kuti mayeso a temu yachitatu akatha pamakhala masiku angapo amene aphunzitsi amakhala akuchonga mapepala ndi kulemba malipoti, ana ali pabwalo kuthamangitsana m'fumbi, ena osabwera nkomwe. Masiku amenewo ndiwo ophunzirira nyimbo, ndipo palibe phunziro limene litaye nthaŵi yake. Akuti ndalama palibe. Kodi mau amagula? Manja oombera amagula? Maseche ndi zisekese ana amapanga okha, ndipo palibe mudzi m'chigwa muno umene ulibe ng'oma yobwereka. Akuti aphunzitsi sadziŵa kuimbitsa. Mwina ena sadziŵadi, koma pa sukulu iliyonse pamapezeka mmodzi amene amaimbitsa kwaya ku tchalitchi kwao, ndipo ngati palibe, m'mudzi muli amai odziŵa kupeka nyimbo za chimtali ndi madoda odziŵa za ngoma amene angadzamve ulemu waukulu atapemphedwa kuti adzaphunzitse adzukulu ao.

Pali zinthu zitatu zimene ndiyenera kuchenjeza, ndipo choyamba chikutikhudza ife atsogoleri. Tsiku limeneli ndi la ana. Tisalisandutse msonkhano wathu. Ndaonapo ana aang'ono ataimikidwa pa dzuŵa kuyambira m'maŵa mpaka masana kudikira mlendo wolemekezeka, ndipo atafika, ana nkuimba nyimbo imodzi yomutamanda, iye nkulankhula ola lathunthu. Ana otere amaphunzira kudana ndi kuimba. Mukaitanidwa, fikani pa nthaŵi yake, lankhulani mwachidule, ndipo nyimbo ikayamba imirirani muimbe nao. Chachiŵiri, m'dera lino muli Akatolika, a mipingo ina, Asilamu ndi otsata miyambo ya makolo, ndipo ana ao onse amakhala pa benchi imodzi. Nyimbo zisankhidwe mwanzeru kuti pasapezeke mwana wotseka pakamwa chifukwa akuimbitsidwa za chipembedzo cha eni. Chachitatu, nyimbo zonyoza olephera, zimene ana amakonda kupeka okha, ziletsedwe ndithu, pakuti zimenezo zimagwetsa chimene tikufuna kumanga.

Tsono tichite chiyani? Kwa aphunzitsi aakulu ndikuti konzani ndondomeko ya tsiku lotsekera motere: zotsatira ziŵerengedwe poyamba, okhoza ayamikiridwe monga mwa masiku onse, koma ana asabalalike. Pambuyo pake kalasi iliyonse iimbe nyimbo yake imodzi, ndipo potsiriza sukulu yonse iimbe pamodzi nyimbo ziŵiri kapena zitatu zimene aliyense adaphunzira, nkumalizira ndi nyimbo ya fuko lathu imene adapeka Michael Sauka, yomwe takhala tikuimba kuyambira 1964. Posankha oyambitsa nyimbo ndi oimba ng'oma, yang'anani dala pakati pa ana amene abwereze kalasi, ndipo muŵauze kuti ntchito yaoyo ikuŵadikira mu Seputembala. Ana a Sitandade 8, amene amachoka pa sukulu akangomaliza mayeso ao, aitanidwe pa tsikuli kuti adzatsazike ndi kutsazikidwa, chifukwa si ulemu kuti mwana akhale pamalo zaka 8 nkuchokapo ngati wothaŵa ngongole.

Kwa inu alangizi a maphunziro m'mazoni ndi akuluakulu a ku ofesi ya maphunziro ku Dedza, pempho langa nlakuti poyendera sukulu muzifunsanso kuti ana adaimba liti pamodzi, ndipo muzilemba m'malipoti anu. Chimene bwana safunsa, wantchito sachisamala. Kwa aphunzitsi a m'makoleji ophunzitsa uphunzitsi, monga ya St Joseph's ku Bembeke, ndikuti wophunzira aliyense asatuluke m'manja mwanu asanaimepo pamaso pa gulu la ana ndi kuliimbitsa. Kwa makomiti a sukulu, mabungwe a makolo ndi aphunzitsi, ndi magulu a amai oyang'anira atsikana, ndikuti bwerekani ng'oma, itanani odziŵa nyimbo, ndipo pa tsikulo mudzalembe maina a ana amene abwereze kalasi kuti mudzaŵayendere pa tchuthi. Kwa magulupu ndi anyakwaŵa, uzani makolo kuti abwere onse, ngakhale amene akudziŵa kuti mwana wao sadachite bwino. Kholo limene laona mwana wake akutsogolera nyimbo pamaso pa mudzi wonse silifulumira kumuuza kuti asiye sukulu.

Sindikunama kuti nyimbo ithetsa umphaŵi umene umatulutsa ana m'kalasi. Njala ifuna chakudya, kalasi yodzaza ifuna aphunzitsi ndi nyumba zophunziriramo, ndipo mtsikana woyenda mtunda wautali afuna sukulu yapafupi. Zonsezi nzofunika ndalama ndi zaka, ndipo tipitiriza kuzigwirira ntchito. Koma chimene ndanena lero sichidikira bajeti ya Boma kapena thandizo la maiko akunja. Chingathe kuchitika chaka chino, pa sukulu iliyonse kuyambira ku Golomoti mpaka ku Mtakataka, ndi m'maboma onse a dziko lino, ngati mphunzitsi wamkulu mmodzi ndi komiti yake atatsimikiza mtima.

Inu atsogoleri a m'nthambi, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa msonkhano wanu wotsatira ikanipo nkhani imeneyi, musankhe anthu aŵiri apite kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya m'dera lanu akamfunse mwaulemu kuti tsiku lotsekera akonza zotani ndiponso kuti mungamthandize bwanji. Ndipo sukulu zikadzatsekulidwa mu Seputembala, mudzapitenso mukaŵerenge ana amene abwerera.